Funsani Tiyankhe: Zimbale Zobadwa m'Chisoni

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndiyo ya zimbale zimene oimba adajambula ali pa chisoni chifukwa cha imfa ya wokondedwa, matenda kapena kutha kwa banja. Tasankhapo asanu, ena tawafupikitsa, ndipo maina a eni ake sitiwatchula.

FUNSO: Akonzi, amuna anga adamwalira miyezi isanu ndi itatu yapitayo atadwala kwa nthawi yochepa. Chiyambire nthawi imeneyo, ana akagona ndimatsegula nyimbo zachisoni pa foni n'kumamvetsera mpaka misozi itatsika, ndipo ndikatero m'pamene ndimapeza tulo. Achemwali anga akuti ndikudzivulaza ndekha, ndi bwino ndizimvera nyimbo zosangalatsa kuti ndiiwale. Kodi akunena zoona? Ngati sichoncho, kodi pali chimbale choimbidwa ndi munthu amene adaferedwadi ngati ine, osati wongopeka? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zidakugwerani. Achemwali anu akulankhula chifukwa chokukondani ndipo musawakwiyire, koma pa mfundo yakuti nyimbo zachisoni zimavulaza namfedwa aliyense sindikugwirizana nawo. Mu 2014 akatswiri awiri a ku Berlin, Liila Taruffi ndi Stefan Koelsch, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adafunsa anthu 772 zimene amamva mumtima akamamvetsera nyimbo zachisoni, ndipo chimene chidatchulidwa kawirikawiri sichidali chisoni chenichenicho ayi, koma kukumbukira ndi kulakalaka masiku amene adapita. Ambiri adatchulanso mtendere wa mumtima. Inu mwalemba kuti mukalira mumapeza tulo, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti nyimbozo zikukuthandizani kutula katundu amene mwakhala mutasenza tsiku lonse pamaso pa ana.

Akatswiri ena awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, adafotokoza mu 1999 kuti munthu woferedwa sayenda njira yowongoka yochoka m'chisoni, koma amasinthasintha: nthawi ina amayang'anizana ndi imfayo n'kulira, nthawi ina amaiika pambali n'kusamalira ana, ntchito ndi zina za moyo. Mbali zonse ziwirizi n'zofunika. Choncho funso loti mudzifunse si lakuti nyimbozo n'zachisoni kapena ayi, koma lakuti zikatha mumatha kubwerera ku mbali inayo. Mukaona kuti mukubwereza nyimbo imodzi usiku wonse, m'mawa mukudzuka mtima utalemera kuposa dzulo, chakudya sichikulowa, ntchito yaima, kapena mwayamba kuganiza zotsatira amuna anu, pamenepo achemwali anu adzakhala kuti akunena zoona, ndipo mudzafunika kuonana ndi dokotala kapena phungu mosazengereza. Bungwe la zaumoyo la WHO lidaika m'ndandanda wake wa matenda, umene udayamba kugwira ntchito mu 2022, chisoni chosatha chimene chimalepheretsa munthu kuchita za tsiku ndi tsiku kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Musachite mantha ndi chiwerengero cha miyezicho, pakuti chimene madokotala amayang'ana kwenikweni ndi kulephera kuyendetsa moyo, osati kulira kokha.

Kunena za chimbale, chimene ndikuchiona kuti n'chapafupi ndi inu ndi A Crow Looked at Me, chimene Phil Elverum wa ku America, woimba ndi dzina lakuti Mount Eerie, adatulutsa mu Marichi 2017. Mkazi wake, Geneviève Castrée, amene adali wojambula zithunzi komanso woimba, adamwalira ndi khansa ya kapamba mu Julayi 2016 ali ndi zaka 35, n'kusiya mwana wamkazi amene adali asanakwanitse zaka ziwiri. Elverum adajambula nyimbo 11 m'chipinda momwe mkaziyo adamwalirira, pogwiritsa ntchito zoimbira zambiri za malemuyo. Mulibe mawu okometsera m'chimbalechi. M'nyimbo yoyamba akusimba kuti patatha mlungu umodzi chimwalirireni mkazi wake, kunyumba kudabwera phukusi lolembedwa dzina la malemuyo, ndipo atalitsegula adapezamo chikwama chakusukulu chimene mayiyo adaitanitsa mwachinsinsi kuti mwana wawo adzachigwiritse ntchito akadzayamba sukulu zaka zingapo m'tsogolo, nthawi imene iye ankadziwa kuti sadzakhalapo. Bamboyo adangogwa pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira. M'nyimbo ina akuimba za tsiku limene adalimba mtima n'kutaya zinyalala zomaliza zimene mkazi wake adasiya m'bafa. Ndikuchenjezeni kuti chimbalechi sichitonthoza monga momwe nyimbo zachipembedzo zimachitira, ndipo woimbayo amakana poyera kuti imfayo idam'phunzitsa kanthu. Mphamvu yake ili pakuti chimatchula tinthu ting'onoting'ono timene namfedwa amachita nato manyazi kuuza anthu, ndipo chimakhala ngati mnzanu amene wabwera kudzakhala nanu osakuuzani kuti mulimbe mtima. Muchimvere masana ulendo woyamba, osati pakati pa usiku muli nokha.

Ngati mawu a Chingelezi angakuvuteni, musade nkhawa, chifukwa chisoni chimamveka m'mawu a woimba ngakhale chilankhulo chili chachilendo. Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe adatulutsa chimbale cha Sarawoga mu 2012 pokumbukira mwana wake Sam, amenenso adali woimba ndipo adafa pa ngozi ya galimoto mu Marichi 2010. Palinso nyimbo yaitali ya Henryk Górecki wa ku Poland, Symphony No. 3, imene adaipeka mu 1976. Mawu a gawo lake lachiwiri ndi pemphero limene mtsikana wa zaka 18 adalemba pa khoma la chitolokosi cha Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Hitler, m'tauni ya Zakopane ku Poland mu 1944, pomwe magawo ena awiriwo ndi kulira kwa mayi woferedwa mwana. Itatulutsidwa mu 1992 yoimbidwa ndi Dawn Upshaw, makope oposa miliyoni imodzi adagulidwa, ndipo ambiri mwa ogulawo sankamva Chipolishi n'komwe.

FUNSO: Akonzi, ine nkhani imeneyi imandinyansa. Munthu mwana wake wamwalira, iye n'kuthamangira ku situdiyo, kenako n'kumalandira mphoto ndi ndalama. Kodi kumeneku si kuchita malonda ndi maliro? Ndikunena za anthu ngati Eric Clapton. Ndine bambo wachikulire.

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi lolemera ndipo oimba ena adadzifunsapo okha. Tiyambe ndi amene mwamutchulayo. Mwana wa Clapton, Conor, adamwalira pa 20 Marichi 1991 ali ndi zaka zinayi atagwa kuchokera pa zenera la nsanjika ya 53 ya nyumba ina ku New York. Nyimbo yokumbukira mwanayo, Tears in Heaven, Clapton adaipeka pamodzi ndi Will Jennings, ndipo idaimbidwanso m'chimbale cha Unplugged cha 1992, chimene chidagulidwa makope oposa 20 miliyoni. Mu 1993 Clapton adalandira mphoto zisanu ndi imodzi za Grammy usiku umodzi. Ndalama zidalowadi, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma mu 2004 iye adasiya kuimba nyimboyo pa zionetsero kwa zaka zingapo, ndipo adafotokoza kuti sankamvanso ululu wa imfayo monga kale, choncho sankafuna kuima pamaso pa anthu n'kumayerekeza chisoni chimene panthawiyo chidali chitasintha. Wamalonda weniweni sasiya katundu amene akuyenda kwambiri.

Nick Cave wa ku Australia adakumana ndi vuto lomweli mwa njira ina. Mwana wake Arthur adamwalira mu Julayi 2015 ali ndi zaka 15 atagwa pa phompho pafupi ndi Brighton ku England, pamene gulu loimba la Cave lidali pakati pa ntchito yojambula chimbale cha Skeleton Tree. Chimbalecho chitatsala pang'ono kutuluka mu Seputembala 2016, Cave adaona kuti sangathe kukhala pamaso pa atolankhani mmodzimmodzi n'kumayankha mafunso okhudza imfa ya mwana wake pofuna kutsatsa nyimbo, motero adapempha Andrew Dominik kuti ajambule filimu imodzi yofotokoza zonse, kuti iyeyo asamachite kuyendayenda n'kumabwereza nkhaniyo. Chodabwitsa n'chakuti mawu ambiri a m'chimbalecho adalembedwa mwanayo ali moyo, ngakhale omvera ambiri amaganiza kuti mzere uliwonse ukunena za ngoziyo. Chimbale chimene adachilemba chonse pambuyo pa imfayo ndi Ghosteen cha 2019, patatha zaka zinayi, ndipo amene akuganiza kuti oimba amathamangira ku situdiyo angachite bwino kuwerenga zakazo.

Pali nkhani ina yakale imene imaunikira bwino mtsutsowu. Pakati pa 1901 ndi 1904, Gustav Mahler, wopeka nyimbo wa ku Austria, adaika nyimbo pa ndakatulo zisanu za Friedrich Rückert, mlakatuli wa ku Germany amene adalemba ndakatulo zoposa 400 ana ake awiri atamwalira motsatizana. Panthawiyo Mahler adali asanaferedwe mwana. Mu 1907 mwana wake wamkazi Maria adamwalira ali ndi zaka zinayi, ndipo pambuyo pake iye adalembera mnzake kuti atataya mwana wakewake sakadathanso kupeka nyimbo zoterozo. Alipo anthu amene imfa imawatseka pakamwa, ndipo alipo ena amene sangathe kupuma bwino mpaka ataimba. Woimba amene wagwira gitala moyo wake wonse amabwerera ku gitalayo monga momwe wina aliyense amabwerera ku ntchito imene amaidziwa, ndipo sindikuona chifukwa chomuletsera kulandira malipiro a ntchitoyo.

Kumene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa zimbale zimene makampani amatulutsa woimba atamwalira kale, potolera tizidutswa timene mwini wake adatisiya osamaliza kapena adatikana, n'kuitana oimba ena amene malemuyo sadaimbepo nawo. Si zonse zili zoipa, pakuti Circles cha Mac Miller, chimene chidatuluka mu Januwale 2020, adachimaliza ndi Jon Brion amene ankagwira naye ntchitoyo Miller asanamwalire mu 2018, ndipo banja la malemuyo lidavomereza. Koma mantha a oimba pa mchitidwewu ndi aakulu moti mu 2021 woimba Anderson .Paak adadindidwa mawu pa mkono wake opempha kuti akadzamwalira anthu asadzatulutse nyimbo zimene iye sadazitulutse ali moyo. Ngati mukufuna poloza chala, bambo, lozani kumeneko.

FUNSO: Ndidamva kuti David Bowie adajambula chimbale chake chomaliza akudziwa kuti akudwala matenda oopsa. Kodi n'zoona, ndipo alipo ena adachita zimenezi? Ndine mtsikana wa ku koleji.

YANKHO: N'zoona, achemwali. Blackstar chidatuluka pa 8 Januwale 2016, tsiku limene Bowie ankakwanitsa zaka 69, ndipo iye adamwalira ndi khansa ya chiwindi patangopita masiku awiri. Matendawo adawabisa kwa anthu onse kupatula ochepa apafupi, choncho omvera adachimva kawiri: koyamba ngati chimbale chachilendo chosakanikirana ndi jazi, kachiwiri ngati kutsanzika. Chaka chomwecho Leonard Cohen wa ku Canada adamaliza kujambula You Want It Darker m'nyumba mwake ku Los Angeles mothandizidwa ndi mwana wake Adam chifukwa thupi silinkamulolanso kupita ku situdiyo, ndipo chidatuluka pa 21 Okutobala, iye n'kumwalira pa 7 Novembala ali ndi zaka 82. Warren Zevon adayamba kujambula The Wind madokotala atamuuza mu 2002 kuti khansa yake singachiritsike, ndipo chidatuluka mu Ogasiti 2003, milungu iwiri asanamwalire. Pa zitatuzi, cha Cohen ndi chimene ndingakuuzeni kuti muyambire, chifukwa mulibe kudzimvera chisoni, muli munthu wokalamba akukambirana ndi Mulungu wake mosabisa mawu.

FUNSO: Akonzi, bambo anga adatisiya ndili wamng'ono ndipo ndidawaonapo kangapo kokha. Chaka chatha ndidamva kuti amwalira. Ndikudabwa kuti ndikulira munthu amene sadandilere, ndipo nthawi yomweyo ndili ndi mkwiyo. Nyimbo zonse za maliro zimene ndimamva zimatamanda kholo labwino. Kodi palibe yonena za anthu ngati ine? Ndine mnyamata wa zaka 26.

YANKHO: Achimwene, zimene mukumvazo si zachilendo, ngakhale anthu sazilankhula poyera. Munthu amene kholo lake lidam'siya amalira zinthu ziwiri, ndizo munthu amene wamwalirayo ndi mwayi woyanjana naye umene wapita naye limodzi. Malinga kholo lili moyo, mwana amasunga kachiyembekezo kakuti tsiku lina lidzabwera kudzafotokoza kapena kudzapepesa, ndipo imfa ikafika kachiyembekezoko kamafa, n'chifukwa chake misozi ndi mkwiyo zimabwera pamodzi.

Chimbale chimene chidalembedwa kuchokera pamalo amene mwaimapo ndi Carrie & Lowell cha Sufjan Stevens wa ku America, chimene chidatuluka mu Marichi 2015. Mayi ake, Carrie, adasiya banja iye ali ndi chaka chimodzi, ndipo moyo wawo wonse adalimbana ndi matenda a maganizo komanso uchidakwa. Nthawi yokhayo imene Stevens adakhala nawo mokhazikika idali miyezi ya tchuthi ku Oregon ali pakati pa zaka zisanu ndi zisanu ndi zitatu, pamene mayiwo adali pa banja ndi Lowell Brams. Carrie adamwalira ndi khansa ya m'mimba mu Disembala 2012, mwana wawoyo atapita kukawaona m'chipatala. Nyimbo za m'chimbalechi n'zofatsa kwambiri, makamaka gitala ndi mawu onong'ona, koma zimene zikunenedwa n'zowawa. M'nyimbo ina akukumbukira kuti ali ndi zaka zitatu kapena zinayi mayi ake adam'siya pa sitolo yobwereketsa mavidiyo, ndipo m'nyimbo ina akuyerekeza kukambirana nawo usiku womaliza, mayiwo akumuitana maina achikondi a mbalame n'kumupepesa chifukwa chom'siya. Iye sawasandutsa woyera mtima, komanso sawaweruza.

Ndiwonjezere zinthu ziwiri. Choyamba, dzina lachiwiri la pa chimbalecho ndi la bambo wom'peza, amene adapitiriza kukhala naye pafupi ukwati wake ndi Carrie utatha, mpaka adathandizana kukhazikitsa kampani yotulutsa nyimbo ya Asthmatic Kitty. Mukamamvetsera, ganiziraninso za amene adakuleraniwo. Chachiwiri, Stevens mwini wake adanenapo pambuyo pake kuti kujambula chimbalecho sikudam'chotsere chisoni monga ankayembekezera, ndipo m'nyimbo zina akutchula poyera maganizo odzivulaza amene adam'bwerera panthawiyo. Ngati maganizo otero akukubweraninso inu, musadalire chimbale, uzani munthu amene mumam'khulupirira ndipo mukaonane ndi phungu.

FUNSO: Akonzi, ndine woimba wongoyamba kumene. Mng'ono wanga adamwalira chifukwa cha mankhwala osokoneza bongo, ndipo ndalemba kale nyimbo zisanu ndi imodzi zokhudza iyeyo. Zina zikutchula mikangano ya m'banja mwathu. Ndikufuna kutulutsa chimbale miyezi itatu ikubwerayi. Mungandilangize chiyani?

YANKHO: Achimwene, pepani ndi imfa ya mng'ono wanu. Langizo langa loyamba n'lakuti mulekanitse kujambula ndi kutulutsa. Jambulani tsopano, ngakhale pa foni, chifukwa mawu amene munthu amaimba chisoni chikadali chachiwisi sabweranso. Neil Young adajambula nyimbo zambiri za m'chimbale cha Tonight's the Night mu 1973, atataya anzake awiri chifukwa cha mankhwala omwewa, ndiwo Danny Whitten, woimba gitala amene adamwalira mu Novembala 1972, ndi Bruce Berry, wonyamula ndi kukonza zida za gulu, amene adamwalira mu Juni 1973. Ankajambula usiku, mawu akusweka, nthawi zina akuphonya, ndipo zolakwikazo adazisiya momwemo. Koma chimbalecho chidatuluka mu 1975, patatha pafupifupi zaka ziwiri. Miyezi itatu mwatchulayo ndi yokwanira kujambula, koma ndikukayika ngati ndi yokwanira kuti mudziwe nyimbo zimene mungathe kuziimba pa siteji mobwerezabwereza, anthu akumwa ndi kucheza, inu mukutchula dzina la mng'ono wanu. Oimba ambiri saganizira zimenezi mpaka tsiku la chionetsero choyamba.

Pa kalembedwe, pewani mawu amene angakwanire pa maliro a munthu wina aliyense. Kunena kuti dziko ndi lankhanza kapena kuti adapita msanga n'zoona, koma omvera adazimva kale kambirimbiri ndipo sizikuwaonetsa mng'ono wanuyo. Lembani za nsapato zimene adasiya pakhomo, uthenga wake womaliza umene simudauyankhe, kapena mmene ankasekera akanama. Zimbale zonse zimene zatchulidwa m'mayankho a pamwambapa zimagwira mtima chifukwa cha zinthu zotero. Ku situdiyo, musalole wojambula kuti aphimbe mawu anu ndi zoimbira zambiri pofuna kuti nyimbo zikaseweredwe pa wailesi, ndipo ngati akuumirira kuti muwonjezere kanyimbo kovinitsa kuti chimbale chigulidwe, kasungeni kuti kadzalowe m'chimbale china.

Nkhani ya mikangano ya m'banja ndi imene ikundidetsa nkhawa. Womwalirayo ndi mng'ono wanu, komanso ndi mwana wa makolo anu, ndipo iwo sadasankhe kuti zakukhosi kwawo zimveke kwa anthu osawadziwa. Marvin Gaye adatulutsa Here, My Dear mu Disembala 1978 ukwati wake ndi Anna Gordy, mlongo wa mwini kampani yotulutsa nyimbo ya Motown, utatha, ndipo pa mgwirizano wa kukhoti mkaziyo adayenera kulandira madola 600,000 kuchokera pa chimbalecho. Gaye adaikamo madandaulo ake onse a m'banja mosabisa. Lero akatswiri a nyimbo amachitamanda, koma panthawiyo sichidayende bwino pa msika, ndipo Anna adakhumudwa kwambiri moti adaganizapo zokam'sumira chifukwa choulula zinsinsi zake. Iye adalibe maikolofoni yoti ayankhire, monganso makolo anu alibe. Musanapite nazo kwa wina aliyense, khalani pansi ndi makolo anu ndi abale ena amene atchulidwa, muwaimbire nyimbo zisanu ndi imodzizo ndi gitala yokha, ndipo mumve zimene anene. Simukukakamizidwa kuchotsa mzere uliwonse umene sadaukonde, koma mzere umene ukuika mlandu wa imfayo pa munthu amene ali moyo muuchotse, kapena nyimbo yonseyo ikhale ya m'nyumba mokha.